PA BWALO LATHU: ANA APHUNZIRE KUIMBA APHUNZITSI AKALI MOYO

Sabata ino tikambirane za nyimbo, makamaka za kaphunzitsidwe ka ana athu kuliza zoimbira. Ena mwa inu mudzati nkhani yotere ndi ya anthu okhuta, pakuti munthu amene njovu zamdyera cimanga, kapena amene akali kuyembekeza ndalama za thonje, alibe nthawi yoganizira za kalimba. Tikupemphani kuti muwerenge kufikira kumapeto, popeza kuona maso a nkhono nkudekha. Nkhaniyi ikhudza cuma cina cimene tili naco kwa Sandwe ndi m'midzi yonse ya Ansenga ku Petauke ndi ku Nyimba, cuma cimene cimacepa nthawi ili yonse pamene tiika nkhalamba m'manda.

ALENDO A MU 1961

Mu caka ca 1961, dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia, kunafika azungu awiri m'dera la Petauke atanyamula makina ojambulira mau. Mmodzi anali John Blacking, munthu wophunzira za nyimbo za mitundu ya anthu, amene anali atakhala kale pakati pa Avenda a ku South Africa kuyambira mu 1956 kufikira mu 1958. Mnzake anali Raymond Apthorpe, amene anali kufufuza za mbiri ndi miyambo ya Ansenga. Anthu awa anayenda m'midzi, najambula nyimbo za amai pa mtondo, nyimbo za ana, za magule, ndiponso za anyamata oliza kalimba. Zina mwa nyimbozo zinaikidwa pa mbale ziwiri za galamafoni ndi kampani ya Folkways ya ku New York, ndipo mbale yoyamba inatuluka mu 1962. Mwini kampaniyo atamwalira, bungwe la Smithsonian la ku Washington linatenga nyimbo zonse mu 1987, ndipo lizisunga kufikira lero. Motero munthu wa ku Japan kapena wa ku Germany amene ali ndi intaneti angathe kumva mau a agogo athu a ku Petauke nthawi ili yonse imene afuna.

Blacking anacita cidwi cacikulu ndi kalimba. Iye anaona kuti anyamata a Cinsenga anali kumliza poyenda pa njira kapena atakhala okha, popanda buku kapena pepala. Atamvetsera nyimbozo kambirimbiri ndi kupenyetsetsa manja a oliza, anapeza kuti cinsinsi cake cili m'kayendedwe ka zala zazikulu ziwiri. Pali njira zowerengeka za kayendedwe ka zalazo zimene zimabwerezedwa m'nyimbo zosiyanasiyana. Cala ca kumanzere cigunda mwa njira yake, ca kumanja cigundanso mwa njira yake, ndipo kugunda kuwiriku kukalukana monga mlaza m'manja mwa woluka mkeka, nyimbo imabadwa. Mnyamata akasintha pang'ono cabe kakumanidwe ka zalazo, patuluka nyimbo ina. Zimenezi anazilemba m'magazini ya African Music ya 1961, nazibwerezanso m'buku lake la mu 1973 lochedwa How Musical Is Man?, limene ophunzira za nyimbo m'mayunivesite ambiri amawerenga.

Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti kalimba ali ndi malamulo ake monga momwe masamu alili ndi malamulo ake, ndipo cinthu cokhala ndi malamulo cingathe kuphunzitsidwa mwa dongosolo. Tsono funsani m'mudzi mwanu madzulo ano: ndi angati amene angathe kusula tizitsulo ta kalimba, kutilinganiza mau, ndi kuliza nyimbo zisanu kufikira kumapeto? Mwa amenewo, ndi angati amene sanakwanitse zaka 30? Mufunsenso za osema ng'oma, okunga zikopa ndi oliza kaligo. Yankho mulidziwa inu eni ake kuposa ife.

Cimene cinacitika ndi cakuti sukulu ya zinthu zimenezi inatsekeka pang'onopang'ono. Sukuluyo inali m'gowelo la anyamata, pa nsanja polinda anyani m'munda, kubusa kwa mbuzi, pa ulendo wapansi wopita ku Boma, ndi pa bwalo usiku wa mwezi. Kumeneko mwana anali kukhala pambali pa mkulu wake, kupenya zala, kubwereka kalimba mwini wake akatopa, kufikira zala zake zitazolowera. Lero usana mwana ali m'kalasi, ndipo ndi bwino ndithu kuti ali kumeneko. Madzulo nyimbo zimadza zopsapsa kucokera m'foni ndi m'zokuzira mau za magetsi a dzuwa. Mkulu wake amene akanamphunzitsa ali ku Lusaka kapena ku Migodi. Sukulu yakale inatsekeka, koma yatsopano sitinaitsegule. Kuti tione m'mene ingakhalire, tiyeni tiyang'ane kacitidwe ka anzathu a maiko ena pophunzitsa ana ao kuimba m'magulu akuluakulu ochedwa orchestra.

ORCHESTRA NDI CIANI?

Orchestra ndi gulu la oliza zoimbira, nthawi zina okwana 80 kapena 100, amene amaimba nyimbo imodzi pamodzi, ali yense ndi mbali yake. Zoimbira zao zili m'mabanja anai. Banja lalikulu ndi la nsambo zolizidwa ndi uta: vayolini, amene ndi mbale wake wa kaligo koma wa nsambo zinai, ndi akulu ake atatu ochedwa viola, cello ndi double bass. Kenaka pali zitoliro, pali malipenga a mkuwa, ndipo kumbuyo kwenikweni kukhala ng'oma ndi zina zomenya. Patsogolo paima mtsogoleri ndi kamtengo m'manja, amene aonetsa liwiro la nyimbo, nauza mbali ili yonse nthawi yolowa ndi yokhala cete. Nyimbo zao zambiri zinalembedwa pa pepala zaka 200 kapena 300 zapitazo ndi anthu onga Bach, Mozart ndi Beethoven.

Munthu asaganize kuti nzeru yoimba m'gulu lotere ndi ya ku Ulaya kokha. Acopi a ku Zavala, kumwera kwa Mozambique, ali ndi magulu a malimba ochedwa timbila, oyambira pa malimba 5 kufikira 30, aang'ono ndi akulu, ndipo ana amaliza atakhala pambali pa agogo ao. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika timbila pa mndandanda wa cuma ca mtundu wa anthu, caka cimodzimodzi ndi Gule Wamkulu. Ngakhale pa bwalo pathu pomwe, ng'oma yaing'ono ili ndi kulira kwake, yaikulu ili ndi kwake, mbalule atsogolera, amai aomba m'manja ndi kuvomera nyimbo, ndipo mmodzi akaphonya onse amamva.

Kusiyana kuli pa kaphunzitsidwe. Kuti munthu alize bwino vayolini pafunika zaka zambiri, ncifukwa cake ana amayamba ali ndi zaka zisanu, zisanu ndi cimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, ndipo amawapangira vayolini wamng'ono wolingana ndi mkono wao. Mmera mpoyamba. Mphunzitsi wina wa ku Japan, Shinichi Suzuki, amene anamwalira mu 1998, anazindikira kuti mwana ali yense amaphunzira cinenero ca amai ake popanda kulephera, kaamba kakuti amacimva tsiku ndi tsiku, nayesa, nabwereza, nayamikiridwa. Iye anayamba kuphunzitsa vayolini mwa njira yomweyo: mwana ayambe wamva ndi kutsanzira, kuwerenga nyimbo za pa pepala kudze pambuyo. Njira ya Suzuki inafala m'maiko ambiri, koma mukaipenya bwino mudzaona kuti ndiyo njira yomwe ija ya m'gowelo. Iye anangoipatsa nthawi yake yoikika ndi mphunzitsi wake wodziwika.

ACINYAMATA 11 A KU CARACAS

Mu 1975, mu mzinda wa Caracas m'dziko la Venezuela, munthu wina dzina lake José Antonio Abreu anaitana acinyamata kuti ayambe orchestra. Tsiku loyamba kunabwera anthu 11 cabe, ndipo anakumana m'malo osungiramo magalimoto. Iye sanataye mtima. Nchito imene inayamba tsiku limenelo, yochedwa El Sistema, inakula kufikira inafika kwa ana mazana a zikwi, ambiri a iwo ocokera m'makomboni a anthu osauka, ndipo anali kuphunzira ndi kubwerekedwa zoimbira kwaulere. Mmodzi wa ana amenewo, Gustavo Dudamel, anayamba kutsogolera orchestra yaikulu ya ku Los Angeles ku America mu 2009 ali ndi zaka 28.

Kacitidwe kao ndiko kayenera kutigwira mtima kuposa kuchuka kwao. Mwana samuika yekha m'cipinda zaka zambiri kuti ayambe wadziwa ndipo kenaka alowe m'gulu. Amalowa m'gulu kuyambira paciyambi, ndipo anzake ndiwo amamkoka. Ana amakumana masana akaweruka ku sukulu, maola angapo, masiku ambiri pa sabata. M'malo ena ana aang'ono amayamba ndi vayolini wa mapepala olimba amene apanga ndi makolo ao, kuti aphunzire kagwiridwe ndi kasamalidwe asanapatsidwe weniweni. Mwana amene wadziwa nyimbo zitatu amaphunzitsa mnzake amene wadziwa imodzi. Ndiponso gulu limaimba pamaso pa makolo kawirikawiri, kotero kuti mwana amaona cipatso ca thukuta lake msanga.

Pali cenjezo limene tiyenera kutengapo. El Sistema inali kudalira ndalama za boma zocokera ku mafuta a pansi, ndipo pamene cuma ca Venezuela cinagwa pambuyo pa 2014, aphunzitsi ndi oimba ambiri anacoka m'dzikomo kukafuna nchito kwina. Nchito yodalira thumba limodzi imagwedezeka thumbalo likabooka.

Mu Afirika muno ziliponso zitsanzo. Ku Kinshasa, Armand Diangienda anayamba orchestra mu 1994 ndi zoimbira zocepa kotero kuti oimba anali kubwerekana, ndipo nsambo ikaduka anali kuikapo waya wa buleki ya njinga. Ku Soweto, mai wina wa ku England, Rosemary Nalden, anatsegula sukulu ya Buskaid mu 1997, ndipo ana ake oyamba ena anasanduka aphunzitsi a sukulu yomweyo. Ku Maputo, nchito ya Xiquitsi inayamba mu 2013, ndipo dzina lake analitenga ku coimbira ca mabango ndi njere conga cisekese cathu. Ku Lusaka kuli sukulu ya Ngoma Dolce yophunzitsa piyano, vayolini ndi zina zotere. Koma Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Petauke, vayolini mmodzi ndi mtengo wa matumba angapo a cimanga, ndipo nsambo zake zimagulidwa m'tauni. Tikati tidikire magalimoto odzaza vayolini, nkhalamba zathu zidzatha tikali kudikira. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

KALIMBA ANALOWA M'KALASI KU BULAWAYO

Citsanzo cimene citiyandikira koposa ndi ca ku Zimbabwe. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, ku Bulawayo kunatsegulidwa koleji ya nyimbo yochedwa Kwanongoma, imene inayambitsidwa ndi Robert Sibson. Colinga cake cinali kuphunzitsa aphunzitsi a m'masukulu nyimbo za Ciafirika ndi zoimbira za Ciafirika. Akuluakulu a kolejiyo anaitana akatswiri amene analibe mapepala a sukulu kuti adzaphunzitse. Mmodzi wa iwo anali Jege Tapera, amene anaphunzira kalimba wake ku dera la Tete, tsidya lija la malire a Petauke ndi Nyimba. Kalimba amene anaphunzitsa Tapera anapangidwa wambiri pa kolejiyo ndi tizitsulo 15, onse olira mofanana kuti ana ambiri athe kuliza pamodzi, ndipo lero amadziwika ndi dzina lakuti nyunga nyunga.

Pa koleji yomweyo anapanganso malimba atsopano, potengera nzeru ku silimba ya Alozi a kuno kwathu ndi ku timbila ya Acopi, nawapanga m'misinkhu inai monga mau a kwaya. Malimba amenewo, ochedwa marimba, anafala m'masukulu a Zimbabwe, Botswana ndi South Africa. Wophunzira wina wa Kwanongoma, Dumisani Maraire, anapita ku Seattle mu 1968 kukaphunzitsa pa yunivesite, ndipo kucokera pamenepo magulu a marimba anabuka m'mizinda ya ku America. Taonani: kalimba wa mtundu wa kwathu kuno, atapatsidwa kalasi, nthawi ndi mphunzitsi wolandira ulemu, anaoloka nyanja. Wa ku Petauke, amene anajambulidwa m'zaka zomwezo, anatsala pa mbale za galamafoni.

NANGA KWA SANDWE TIYAMBE BWANJI?

Dziko la Amfumu a Sandwe, limene kuyambira mu 2018 lili m'boma latsopano la Lusangazi, lili kutali ndi tala, ndipo dzinja likafika mitsinje imadula njira. Koma zonse zofunika poyamba gulu la ana oimba zili pomwepo.

Coyamba ndi mphunzitsi. Anyakwawa ndi nduna za Amfumu adziwa bwino m'midzi mwao amene amaliza kalimba, amene amasema ng'oma, ndi amai amene amatsogolera nyimbo za cimtali ndi citelele. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu pamodzi ndi komiti ya makolo apite kwa anthu amenewa mwaulemu, monga momwe timapitira kwa munthu amene tifuna kuti atilangizire mwana, ndi kuwapempha kuti adzibwera ku sukulu. Asabwere kwaulere ai. Thini ya nshawa kapena ya cimanga pa mwezi, kapena kuwamasula pa nchito youmba njerwa za sukulu, ndi cizindikiro cakuti nzeru zao tazilemekeza. Mphunzitsi wa m'kalasi akhale nao pambali, asunge dongosolo, naphunzirenso iye mwini, pakuti m'masukulu a pulaimale muli kale phunziro la nyimbo ndi zaluso, koma kulemba maina a zoimbira pa bolodi sikuphunzitsa zala.

Caciwiri ndi zoimbira, ndipo ana azipange okha motsogozedwa ndi akulu. Kalimba afuna kathabwa ka mlombwa, masipoko a njinga yakufa kapena misomali yosulidwa ndi nyundo, ndi kacigubu kokuzira mau. Tizitsulo tatitali tilira pansi, tatifupi tilira pamwamba, ndipo mwana amene wadzisulira yekha ndi kukankha kacitsulo kufikira katalira bwino waphunzitsa khutu lake koposa amene wagulidwira. Cofunika ndi cakuti onse alinganizidwe mau ndi kalimba mmodzi wa mphunzitsi, monga anacitira a ku Kwanongoma, kuti ana khumi athe kulizira pamodzi. Za ng'oma, popeza dziko la Sandwe ligundana ndi nkhalango yotetezedwa ya South Luangwa ndipo nyama za m'chire zili ndi malamulo ake, zikopa zikhale za mbuzi kapena za ng'ombe. Pa mtengo uli wonse umene wadulidwa kuti usemedwe ng'oma, ana abzale ina pa sukulu, pakuti makala atha kale mitengo yambiri m'mbali mwa mseu waukulu, ndipo Acopi aja alinso kulira kusowa kwa mtengo wopangira timbila.

Cacitatu ndi nthawi yoikika. Masiku awiri kapena atatu pa sabata, ola limodzi akaweruka, dzuwa likali m'mwamba, kuti ana a kutali afike kwao kusanade ndi kupewa njovu pa njira. Ndi bwino ola limodzi losaphonya kusiyana ndi tsiku lathunthu kamodzi pa mwezi, pakuti zala zimaiwala msanga. Nthawi ya kupalira ndi ya kukolola gulu lingapume, koma malimwe onse likhale pa nchito.

Cacinai, wamkulu aphunzitse wamng'ono. Ana a Giredi 6 ndi 7 akadziwa nyimbo zingapo, ali yense apatsidwe mwana wa Giredi 3 kapena 4. Motero nkhalamba imodzi ingathe kufika kwa ana ambiri, ndipo tsiku limene idzalephera kuyenda, nzeru zake zidzakhala zitagawika kale m'manja ambiri. Mutu umodzi susenza denga.

Cacisanu ndi kulemba ndi kujambula. Foni imene inacotsa ana pa bwalo ingathenso kutitumikira. Mphunzitsi ajambule nkhalamba ili kuliza, itavomera yokha, nalembe m'kabuku dzina la nyimbo, tanthauzo lake, ndi amene anaiphunzitsa nkhalambayo. Otsogolera makwaya a m'machalichi, kuyambira ku Minga ndi ku Merwe kufikira ku Hofmeyr, ambiri adziwa kuwerenga nyimbo za do, re, mi. Athandize kuphunzitsa ana kawerengedwe kameneko. Ngati pali wina ali ndi intaneti, afunefune nyimbo zija za mu 1961 ndi kuziliza pamaso pa ana ndi agogo ao pamodzi. Mwina agogo ena adzazindikira nyimbo imene anaimva komaliza ali ana.

Potsiriza, ana aimbe pagulu. Ayambe pa tsiku lotsekera sukulu ndi pa misonkhano ya makolo, kenaka pa mipikisano ya zaluso ya masukulu imene bungwe la NASAAZ limakonza. Gulu likakhwima lingapemphe malo pa mwambo wa Tuwimba, umene umacitika mu Okutobala kwa Amfumu aakulu a Kalindawalo. Pamenepo ndi pamene nkhani ya ndalama iyenera kulowa. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu ali yense, ndipo pempho limayambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi. Gulu limene laimba kale caka cathunthu ndi zoimbira zodzipangira lidzamveka msanga likapempha malimba, malipenga kapena cipinda cosungiramo katundu, kusiyana ndi gulu limene lili pa pepala cabe.

MANTHA A MAKOLO

Tidziwa kuti makolo ambiri ali ndi mantha, ndipo mantha ao ali ndi cifukwa. Taona oimba ena akuthera moyo wao pa mowa, kugona kumene kwalira ng'oma, munda uli kumera thengo. Koma tifunse: cimene cinawaononga ndi nyimbo kodi, kapena malo amene anaphunzirira nyimbozo? Mnyamata wa mphatso yoimba adzaimba ndithu, timlole kapena timletse. Tikamkaniza pa sukulu usana, adzakaphunzira ku shabini usiku, ndipo kumeneko malipiro ake ndi cipanda ca mowa. Gulu la pa sukulu lili ndi lamulo lakuti wojomba m'kalasi saloledwa kugwira kalimba, ndipo lamulo lotere limasunga ana ena amene akanaleka sukulu.

Za atsikana, ena adzati kalimba ndi ng'oma ndi za amuna. Zala za mtsikana zimene zimatha kupeta ndi kuluka sizingalephere tizitsulo 15. Chiwoniso Maraire, mwana wamkazi wa Dumisani uja, anachuka m'maiko ambiri ndi nyunga nyunga kufikira pamene anamwalira mu 2013. Cofunika ndi cakuti maphunziro acitike usana, poyera, ndipo pakhale mai mmodzi wa m'komiti ya makolo nthawi zonse. Enanso adzaopa kuti zinsinsi za miyambo zidzaululika. Apa tinene momveka: nyimbo za m'cinamwali ndi za ku dambwe zili ndi eni ake ndi malo ake, ndipo sizilowa m'kalasi. Amfumu, anamkungwi ndi akulu a mudzi ndiwo anene zimene ndi za poyera. Nyimbo za pa mtondo, za m'nthano, za kalimba ndi za magule a cisangalalo ndi zoculuka kokwanira kuphunzitsa mwana zaka zisanu ndi ziwiri.

Nanga phindu lake nciani? Tisakunamizeni kuti mwana ali yense adzadya za nyimbo. Ngakhale ku Venezuela, ana ambiri a El Sistema anakula nagwira nchito zina. Cimene anatenga ndi khalidwe: kufika pa nthawi, kubwereza cinthu covuta kufikira citatheka, kumvetsera mnzako pamene iwe uli kuliza, kusamala katundu wa gulu, ndi kuima pamaso pa anthu popanda kunjenjemera. Mlimi, namwino ndi kalipentala onse afuna zimenezi. Kwa owerengeka amene mphatso yao ndi yaikulu, njira zilipo. Koleji ya Evelyn Hone ku Lusaka imaphunzitsa aphunzitsi a nyimbo. Mabandi a asilikali ndi a apolisi amafuna anthu odziwa kuwerenga nyimbo. Alendo odzaona nyama ku Mfuwe amakonda kumva ndi kugula zoimbira za kuno. Tikumbukirenso Alick Nkhata, amene anayenda ndi Hugh Tracey kujambula nyimbo za m'midzi itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, nakhala pambuyo pake mmodzi wa akuluakulu a wailesi ya dziko lino kufikira dzina lake linadziwika m'nyumba zonse. Akale anati ukaipa nkhope dziwa nyimbo, kutanthauza kuti luso limamtsegulira munthu khomo limene cibadwidwe cinamtsekera.

Ndipo ngati tsiku lina mwana wa kwa Sandwe adzagwira vayolini ku Lusaka kapena kunja, tidzakondwera naye, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Khutu limene linaphunzira kulinganiza tizitsulo, ndi zala zimene zinazolowera kugunda kuwiri nthawi imodzi, zidzamthandiza kumeneko, ndipo adzakhala ndi nyimbo za kwao zoti apatse anzake.

Pakali pano nchito ili m'manja mwa anyakwawa, aphunzitsi ndi makomiti a makolo. Mnyamata amene anali ndi zaka 15 pamene Blacking anali kujambula mu 1961 anabadwa mu 1946. Werengani nokha zaka zake lero, ngati Mulungu wamsunga. Madzi akatayika saoleka. Pa msonkhano wa makolo umene uli kudza, wina aimirire ndi kuchula maina a akatswiri amene atsala m'midzi yozungulira sukulu, ndipo pasankhidwe anthu awiri okawaona sabata yomweyo.

Tilembereni kutiuza ngati m'dera lanu muli sukulu kapena chalichi cimene cayamba kale nchito yotere, ndi m'mene cacitira kuti cipeze zoimbira ndi aphunzitsi, kuti anzanu a ku Nyimba, kwa Nyamphande ndi kwina atengereko nzeru. Makalata anu tidzawasindikiza pa tsamba lino. Tsalani bwino, tidzakumananso pa bwalo sabata ya mawa.